Mapiri Ochokera Pansi pa Nthaka

Kumpoto kwa dera la Ruhr, kumadzulo kwa Germany, dziko ndi lathyathyathya. Kuchokera ku Duisburg, kudzera ku Oberhausen, Bottrop ndi Gelsenkirchen mpaka kukafika ku Dortmund, mizinda inagundana moti sudziwa pamene wina wathera, ndipo m'dera lonseli mumakhala anthu oposa 5 miliyoni. Koma ukasuzumira pawindo la sitima umaona mapiri apa ndi apo. Ena ndi obiriwira ndi mitengo, ena ndi akuda bii pansonga, ndipo ambiri asenza chinthu chachilendo pamutu: nsanja yachitsulo, mtanda, nyali yofiira yotalika kuposa nyumba zosanja. Zaka 200 zapitazo panalibe ngakhale limodzi mwa mapiri amenewa. Miyala yake inakumbidwa ndi anthu pansi pa nthaka, inakwezedwa pachikepe, kenako n'kutayidwa chifukwa sinali malasha.

Eni dera amawatcha Halde. Mgodi sutulutsa malasha okhaokha. Kuti okumba afike pamene pali malasha amayamba aboola thanthwe, ndipo malashawo akamatuluka amakhala atasakanikirana ndi miyala. Kunja kwa mgodi kumakhala nyumba yotsukira, mmene amalekanitsa ziwirizi potengera kulemera kwake, poti malasha ndi opepuka pamene mwala umamira. Nthawi imene anthu ankakumba ndi piki, munthu ankasankha ndi maso, miyala yambiri n'kutsala pansi komweko. Makina odula thanthwe atabwera kusankha kunatha, moti m'zaka zomaliza pafupifupi theka la zonse zotuluka mumgodi linali lokataya. Ndiye taganizani migodi yoposa 100 ikuchita zimenezi tsiku ndi tsiku, kwa zaka zoposa 100.

Poyamba ankangokhuthula pamalo amodzi. Ngolo inkakwera mpaka pansonga, n'kukhuthula, mulu n'kumakula wosongoka. Milu yotereyi sinali yotsendereka, choncho mpweya unkalowa pakati pa miyala n'kukumana ndi tizidutswa ta malasha totsalira, mulu n'kuyaka wokha m'kati. Moto wake suonetsa malawi. Umangonyeka zaka ndi zaka, utsi wonunkha n'kumatulukira m'ming'alu, ndipo mulu wa Rheinelbe ku Gelsenkirchen ndi umodzi mwa imene imadziwika ndi moto wam'kati wotere. Kenako anaphunzira kuyala miyala mosanjikiza n'kumaitsendera ndi makina kuti mpweya usowe polowera. Pomaliza anayamba kujambuliratu maonekedwe a phirilo lole yoyamba isanakhuthule: potsetsereka pakhale pati, madzi a mvula adzere kuti, njira ya oyenda pansi idzadutse pati, mitengo idzabzalidwe mbali iti.

Kukhala m'tsinde mwa milu imeneyi sikunali kokoma. Nyumba za okumba malasha zinkamangidwa mphepete mwa mgodi kuti munthu aziyenda wapansi popita kuntchito, ndiye fumbi la pamulu ndi utsi wa m'mafakitale a zitsulo zonse zinkathera pakhomo pawo. Mayi asanayanike nsalu yoyera ankayamba waona kumene mphepo ikulowera. Mu 1961 a Willy Brandt, ali pa kampeni, ananena kuti thambo la ku Ruhr liyenera kuonekanso la buluu, ndipo ena anangowaseka. Anthu amene ankapuma fumbi limeneli sanali Ajeremani okha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunafika chikhamu cha anthu olankhula Chipolishi, kuyambira 1961 kunabwera a ku Turkey, patapita zaka ziwiri a ku South Korea.

M'zaka za m'ma 1950 migodi ya ku Ruhr inkalemba ntchito anthu pafupifupi 500,000. Kuyambira 1958 zinthu zinayamba kutsetsereka: mafuta ndi malasha otchipa ochokera kunja zinalanda msika, migodi n'kumatsekedwa umodziumodzi. Zollverein wa ku Essen anatsekedwa mu 1986. Womaliza m'dziko lonse la Germany pa migodi yakuya ya malasha olimba anali Prosper-Haniel wa ku Bottrop, kumene anthu ankatsika mamita oposa 1,000. Pa 21 Disembala 2018 okumba anatuluka ndi chibuluma chomaliza cha malasha n'kuchipereka m'manja mwa pulezidenti wa dzikolo, a Frank-Walter Steinmeier. Amuna akuluakulu, nkhope zili bii, analira poyera.

Tsono funso langa ndi ili: munthu amene wagwira ntchito pansi pa nthaka moyo wake wonse, amuonetsa chiyani mdzukulu wake? Malasha anapsa kalekale. Zitsime zotsikira mumgodi anazitseka ndi simenti. Misewu ya pansi ija, imene inali yaitali makilomita ambirimbiri, palibe adzaionenso. Pa thukuta lonse lija, chachikulu chimene chinatsala poonekera ndi miyala imene inatayidwa ija. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mapiri amenewa, ndipo n'chifukwa chake sindiwatenga ngati mapaki wamba.

Panali njira ina, ndipo m'malo ambiri anaitsata. Mulu ukapsa m'kati miyala yake imafiira n'kukhala yabwino pomanga misewu, choncho milu yambiri yakale inaphwasulidwa n'kugulitsidwa. Ina anaibisa ndi mitengo kuti mlendo asazindikire. Maganizo anasintha kwambiri pakati pa 1989 ndi 1999, pamene boma la chigawo cha Nordrhein-Westfalen linayendetsa ntchito ya zaka khumi yotchedwa IBA Emscher Park, motsogozedwa ndi a Karl Ganser. Mfundo yawo inali yakuti dera lisachite manyazi ndi mbiri yake: ng'anjo zakale, matanki a gasi, njanji ndi milu zisagwetsedwe, koma zitsegulidwe kuti anthu alowe, akwere, aone.

Chodziwika kwambiri pa zonse ndi Tetraeder wa ku Bottrop, amene anatsegulidwa mu 1995 pamwamba pa mulu wa Beckstraße. Ndi nsanja ya mapaipi achitsulo, ya nsonga zinayi, mbali iliyonse yotalika mamita 60, yoimikidwa pa mizati inayi ya simenti, ndipo anaijambula ndi a Wolfgang Christ. Palibe geti, palibe tikiti. Ukafuna njira yachidule pali masitepe pafupifupi 400 olunjika pamwamba pa mulu, ukafuna yofatsa pali msewu wokhotakhota umene amayi amakankhapo ana m'tingolo. Masitepe a m'nsanjamo anawapachika pa zingwe zachitsulo ndipo amagwedezeka kukakhala mphepo, pansi pake n'poonekera, moti ena amabwerera panjira atagwira chitsulo ndi manja awiri.

Nditafika pamwamba pake chimene chinandidabwitsa ndi kubiriwira. Dera limene dziko lonse linkalidziwa ndi utsi, ukaliona uli m'mwamba, ndi mitengo yokhayokha, madenga akungosuzumira. Pakati pa mitengoyo pali zonse zimene zinalipanga: chapafupi pomwepo fakitale yophika malasha ya Prosper ikutulutsa nthunzi yoyera, uko thanki yaikulu ya gasi ya ku Oberhausen imene pano ndi nyumba ya zionetsero, uko denga loyera la bwalo la mpira la Schalke 04, kutali machumuni a ku Duisburg. Pafupi nane panaima bambo wina wachikulire ndi kamtsikana. Sankayang'ana mitengo ayi. Ankaloza ndi chala malo amodziamodzi, akutchula maina a migodi imene kulibenso, kamtsikanako kakubwereza. Anthu a ku Ruhr anakhala mibadwo ingapo osaliona dera lawo lonse nthawi imodzi, poti panalibe pokwera, ndipo milu inali ya kampani, yotchingidwa ndi mpanda.

Komabe phiri limene limandigwira mtima kwambiri ndi Haniel, lomwe lili m'malire a Bottrop ndi Oberhausen, lotalika mamita oposa 100 kuchokera patsinde. Mu 1987 Papa John Paul II anayendera mgodi wa Prosper-Haniel, ndipo anthu a pamgodipo anamupangira mtanda ndi matabwa a m'chitsime chotsikira pansi. Pambuyo pake mtandawo anauimika paphiri. Mu 1995 anatsegula Njira ya Mtanda yokwera phirilo, ya malo oimapo 15. Pamalo aliwonse pali chithunzi cha masautso a Yesu chojambulidwa ndi a Tisa von der Schulenburg, sisitere wa ku Dorsten amene anathera zaka zambiri akujambula miyoyo ya okumba malasha, ndipo pambali pa chithunzicho pali chida chenicheni cha mumgodi: chidebe chachikulu chokumbira chitsime, nyundo ya mpweya yoswera thanthwe, mizati yachitsulo yochirikiza denga, ngolo yonyamulira malasha. Lachisanu Loyera lililonse anthu zikwizikwi amakwera njira imeneyi pamodzi ndi bishopu wa ku Essen, ena atavala yunifolomu yakuda ya okumba malasha.

Ukamakwera n'kumaima pa chida chilichonse umayamba kumva kulemera kwa ntchitoyo. Nyundo ija munthu ankaigwira atagwada kapena atagona chammbali, m'malo otentha, kwa maola ambiri. Fumbi la mwala linkalowa m'mapapo n'kukhala momwemo, ndipo amuna ambiri anamaliza moyo wawo akubanika pampando. Ngozi nazo sizinkasowa. Pa 20 Febuluwale 1946, pamgodi wa Grimberg ku Bergkamen, kuphulika kumodzi kunapha anthu 405. Moni wa okumba malasha, Glück auf, umene mpaka lero umamveka m'misewu ndi m'mabwalo a mpira a ku Ruhr, unali wa anthu amene sankadziwa ngati atuluke madzulo.

Pansonga pa Haniel sanabzalepo udzu. Anangopasiya potuwa, miyala yokhayokha, mphepo ikuwomba mosatchingidwa. M'chibeseni cha pamwambapo anamangamo bwalo la zisudzo la anthu 800, ndipo m'mphepete mwake anaika mzere wa mitengo yakale ya panjanji yoposa 100, imene a Agustín Ibarrola a ku Spain anaipaka utoto wowala n'kuiimika chilili mu 2002. Amene anaganiza zosiya nsonga ili yosavala anachita bwino kwambiri. Phazi lako limaponda mwala umene unachokera pansi, ndipo sungadzinamize kuti uli paphiri lachilengedwe. N'chimodzimodzi pa Schurenbach ku Essen, pamene a Richard Serra anaimika chitsulo chimodzi chokha chautali mamita oposa 14 pakati pa dambo la miyala yakuda mu 1998, komanso pa Rheinpreußen ku Moers, pamene a Otto Piene anamanga nyali ya mumgodi yotalika mamita 30 imene imafiiritsa phiri usiku.

Pali zinanso zimene sizindikhudza chotero. Pamulu wina ku Bottrop komweko anamangapo mu 2001 chinyumba chozizira chochitiramo masewera otsetsereka pa chipale, chotalika mamita oposa 600. Ana amasangalala, anthu anapeza ntchito, ndipo sindinyoza zimenezo, koma uli m'katimo sudziwa n'komwe chimene chili pansi pako. Pa milu ina pali njira za njinga, pena anthu amaulutsa makaiti, pena amangothamanga m'mawa.

Kumpoto kwa France nkhani yake ndi yofanana, kungoti kumeneko milu yambiri inatsala yosongoka. Mgodi womaliza wa m'derali unatsekedwa ku Oignies mu Disembala 1990. Ku Loos-en-Gohelle kuli milu iwiri yamapasa, imene ili m'gulu la yaitali kwambiri ku Ulaya, ndipo anthu a m'tauniyo anakana kuti iphwasulidwe. Mu 2012 bungwe la UNESCO linaika dera lonse la migodi la Nord-Pas de Calais pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, milu ili momwemo. Ku Haillicourt anabzala mphesa pamulu, poti mwala wakuda umasunga kutentha. Pa milu ina pamamera mitengo ya maapozi ndi mapeyala, ndipo eni dera amati inachokera ku njere za zipatso zimene okumba ankadya pansi n'kuponya zotsala m'ngolo ya miyala. Nkhani imeneyi ndimaikonda.

Koma sindingalembe za mapiri amenewa osatchula Aberfan, chifukwa kutero kungakhale kunama.

Aberfan ndi mudzi wa kum'mwera kwa Wales, m'dziko la Britain. Kumeneko zigwa ndi zopapatiza, ndiye miyala ya mumgodi wa Merthyr Vale ankaitaya pamwamba paphiri, mudzi uli m'munsi. Lachisanu pa 21 Okutobala 1966, mvula itagwa kwa masiku ambiri, mulu nambala 7 unagumuka cha m'ma 9:15 m'mawa. Matope akuda anatsika phiri n'kukwirira sukulu ya pulayimale ya Pantglas ndi nyumba zoyandikana nayo, ana atangolowa kumene m'makalasi. Anafa anthu 144, ndipo 116 mwa iwo anali ana, ambiri a zaka zapakati pa 7 ndi 10. Abambo anathamanga kuchoka mumgodi kudzafukula ndi mafosholo ndi manja, koma itadutsa 11 koloko sanapezenso wamoyo. Ife amene tinaona zimene matope ochokera m'phiri la Soche anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa liwiro la matope otere. Kusiyana kwake n'kwakuti phiri limene linagwera Aberfan linaunjikidwa ndi anthu, pamalo amene mapu ankasonyeza kuti pali akasupe. Madzi saiwala khwawa. Anthu a m'deralo anali atadandaulapo kale m'makalata za mulu umenewu, zaka zingapo ngozi isanachitike.

Bwalo lofufuza linapeza mu 1967 kuti wolakwa anali bungwe la boma loyendetsa migodi, National Coal Board. Palibe amene anaimbidwa mlandu, palibe anachotsedwa ntchito. Makolo anapempha chinthu chimodzi, chakuti milu yotsala pamwamba pa mudzi wawo ichotsedwe, poti sakanatha kugona akuiona. Boma linavomera mochedwa, ndipo linatapa mapaundi 150,000 m'thumba la chithandizo limene anthu a m'maiko osiyanasiyana anasonkhera anamfedwa, kuti alipirire mbali ya ntchitoyo. Ndalamazo zinabwezedwa mu 1997. Zimenezi zimandipweteka nthawi iliyonse ndikaziganiza.

Ndiye onani: a ku Loos-en-Gohelle anamenyera kuti milu yawo ikhale, a ku Aberfan anamenyera kuti yawo ichoke, ndipo onse ankanena zoona. Mulu suyamba kukhala malo opumulirako chifukwa choti pamwamba aikapo chosema chokongola. Pamafunika kuti wina adziwe chimene chili pansi pake, madzi apatsidwe njira, potsetsereka pachepetsedwe, moto wam'kati uziyezedwa, ndipo azichita zimenezi chaka ndi chaka mgodi utatsekedwa kale. Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo la milu ya m'migodi mu 1969, koma nkhani sinathere pomwepo. Ku Wales kuli milu yosiyidwa yoposa 2,500. Mu Febuluwale 2020 wina unagumukira mumtsinje ku Tylorstown nthawi ya namondwe Dennis, ndipo mu Novembala 2024 matope a mulu wina analowa m'misewu ya ku Cwmtillery, anthu n'kusamutsidwa usiku.

Ngakhale ku Ruhr, kumene alendo amajambula zithunzi zokongola, ngongole ya malasha sinathe. Nthaka inatitimira chifukwa cha mapanga a pansi, pena ndi mamita oposa 20, moti madera ena ali m'munsi mwa mitsinje yawo ndipo mapampu akangoima madzi angadzaze m'nyumba za anthu. Mapampuwo ayenera kugwira ntchito mpaka kalekale. Pofuna kuti ndalama zake zisadzasowe, mu 2007 anakhazikitsa thumba lapadera, RAG-Stiftung, limene limawononga mayuro oposa 200 miliyoni chaka chilichonse. Mtsinje wa Emscher unakhala ngalande yapoyera ya zonyansa za m'zimbudzi kwa zaka pafupifupi 100, chifukwa mapaipi a pansi akanathyoka ndi kutitimira kwa nthaka, ndipo unayeretsedwa kumapeto kwa 2021 atawonongerapo mayuro oposa 5 biliyoni. Chinyumba cha chipale chija nachonso chinavutikapo mulu utayamba kusuntha pansi pa mizati yake. Munthu amene akudya kamba wake pamwamba pa Haniel Lamlungu masana wakhala pa ntchito yaikulu imene saiona, ndipo ilipo chifukwa anakakamiza kuti mwini mgodi asachoke chimanjamanja n'kusiyira ena mavuto.

Malasha si nkhani yachilendo kwa ife. Agogo athu ena anakawakumba ku Wankie, kumene pano ndi Hwange ku Zimbabwe, ndipo pa anthu oposa 400 amene anafa pa kuphulika kwa pa 6 Juni 1972 panali Amalawi. Lero sitima zazitali zochokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete, zimadutsa m'dziko lathu kudzera ku Mwanza, Neno, Nkaya ndi Liwonde n'kutulukira ku Nayuchi kupita kudoko la Nacala. Mgodi wa ku Moatize ndi wapoyera, kutanthauza kuti amayamba achotsa dothi ndi thanthwe lonse lokuta malasha n'kuliunjika pambali, ndiye milu yake imakula msanga, pafupi ndi tauni imene anthu ake akhala akudandaula za fumbi. Mabanja ambirimbiri anasamutsidwira ku Cateme kuti mgodi upeze malo. Kwathu konkuno, ku Mwabulambo m'boma la Karonga, kampani ina inasiya kukumba mu 2015, ndipo chaka chotsatira bungwe la Human Rights Watch linalemba za maenje osakwiriridwa ndi milu ya malasha imene inasiyidwa pafupi ndi midzi ndi minda ya anthu.

Sindikunena kuti timange nsanja yachitsulo ku Karonga. Chimene ndinatola ku Ruhr n'chakuti milu imene lero anthu amakwera mosaopa, yambiri anaiumba mgodi ukugwirabe ntchito. Lole inkayenera kukhuthula ndithu, ndiye kuiuza pokhuthulira sikunali kodula kwenikweni. Makina akachoka, kusuntha phiri lomwelo kumafuna ndalama zimene mudzi kapena khonsolo singazipeze. Ku Moatize malole akadakhuthula, m'migodi ina ya kumpoto kwathu malasha akutulukabe. Ndikanakonda kuti mafumu, makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'madera amenewa, akamakhala pansi ndi eni migodi, asamathere pa nkhani ya chipukuta misozi ndi mijigo yokha. Apemphe kuona pepala losonyeza pamene miyala ikutayidwa, akasupe ndi makwawa amene ali pansi pake, sukulu ndi nyumba zimene zili kumunsi kwake, ndiponso buku la kubanki mmene mwasungidwa ndalama zodzakonzera malowo mgodi ukadzatsekedwa.